Tsoka langa linanunkha m'chipinda cha Khufu

Poti nkhaniyi yafika kale pa gulu lathu la WhatsApp ili ndi miyendo ndi mchira, bola ndiikambe ndekha isanamere nyanga. Sindinamangidwe. Palibe mwala umene unagwa. Zoti mzungu wina anakomoka mpaka kumutulutsa pa machira ndi bodza la mkulu amene ndinapita naye ku Cairo uja, amene sinditchula dzina lake poti ali ndi ana a sukulu. Mayiyo anangokhala pansi pang'ono basi.

Mlandu uyambire pa chakudya. Usiku wake tinadya koshari, chakudya chimene eni dziko amachinyadira kwambiri: mpunga, makaroni, mphodza ndi tchana m'mbale imodzi, pamwamba anyezi wokazinga, supu wa tomato ndi timadzi ta adyo. Ndinaonjezera mbale poti alawansi inali ikadalipo. M'mawa kuhotela anatiikira ful, nyemba zikuluzikulu zophika usiku wonse mpaka kuti tepetepe, zothira mafuta ndi mandimu. Nyemba m'mawa, abale anga! Kwathu munthu akadzukira nyemba timamufunsa ngati kunyumba kuli mtendere, koma ku Egypt ndiye kadzutsa wa dziko lonse. Ndinadya mwaulemu, mlendo sakana chakudya. Dzira lowiritsa ndinangotenga poti linali pafupi ndi dzanja.

Ku Giza, pafupi ndi Cairo, kulowa m'kati mwa piramidi ya Khufu, mfumu yakale ya ku Egypt, kuli ndi tikiti yakeyake, pamwamba pa ija yolowera pabwalo. Wotiyendetsa anatiuza zonse tili panja: inamangidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo, inali yotalika mamita 146 isanathothoke nsonga ndi miyala yosalala ya kunja, ndipo ili ndi miyala pafupifupi 2.3 miliyoni. Atatha anakakhala pamthunzi n'kutiuza kuti timupeza pomwepo. Iye ankadziwa zimene ankachita.

Khomo lenileni la piramidiyi lili pamwambako ndipo ndi lotseka. Alendo amalowera pa una umene akuti unabooledwa ndi anthu a khalifa al-Ma'mun, wolamulira wa Chisilamu wa ku Baghdad, m'zaka za m'ma 800, pofuna chuma. Ndiye kuti walipira ndalama zako kuti ulowe pa njira ya akuba. Poyamba umayenda choimirira, n'kumati anthu amakokomeza. Kenako umafika pa mpata wokwera. Kutalika mamita 39, m'lifupi mita imodzi, denga lake mita imodzi ndi masentimita 20, chitunda cha madigiri 26. Pansi anayala matabwa okhala ndi tizitsulo topingasa kuti usaterereke. Njirayo ndi imodzi, okwera ndi otsika omwe, ndiye mukakumana mumapanikizana mapewa mukupepesana m'zinenero zonse za padziko.

Inu mukuidziwa mimba yanga, musanamizire. Munthu wa mimba yotereyi akapindika pakati n'kumakwera, bondo lililonse likamadzuka limakanikiza koshari, koshari n'kukanikiza nyemba, nyemba n'kupita kukadandaula kwa dzira. Tisanafike pakati, m'mimba munali mutaitanidwa kale msonkhano wadzidzidzi, ndipo mfundo inali imodzi yokha. Kumbuyo kwanga kunali gogo wina wamkazi wa ku Japan, wamng'ono thupi, waulemu, nkhope yake ili chikhatho chimodzi kuchokera pa thumba langa lakumbuyo.

Apa ndiye mbiri iyenera kundikumbukira. Ndinagwira. Mamita onse 39 ndinagwira, thukuta lili kamukamu, mano ali gwa, ndikuimba nyimbo ya kwaya chamumtima kuti ndiiwale. Ndinaleredwa bwino ine, ndimadziwa kuti gogo ndi gogo ngakhale akhale wa dziko lina. Koma zimenezi pa gulu paja palibe akuzikamba.

Mpatawo ukatha, denga limangothawa mwadzidzidzi. Waloŵa m'khonde lalikulu limene amalitcha Grand Gallery, ndipo pano ndisaname, ndinangoti kukamwa yasa. Ndi lalitali mamita pafupifupi 47, denga lili mamita oposa 8 m'mwamba, makoma ake akunka nayandikana m'mizere 7, mzere uliwonse utatulukira m'kati pang'ono kuposa wa pansi pake. Anthu opanda chitsulo cholimba, opanda makina, anaika miyala yotere n'kukhala mpaka lero. Ndinaiwala za mimba. Mimba sinandiiwale.

Pamwamba umagwadanso, kudutsa kachipinda kokhala ndi mipata m'makoma mmene ankatsitsiramo miyala itatu yotsekera akuba, n'kutulukira m'chipinda cha mfumu. Ine ndinkayembekeza golide. Kani golide amene timamuona pa zithunzi uja ndi wa mfumu ina, Tutankhamun, amene manda ake anapezeka mu 1922 ku chigwa cha mafumu pafupi ndi Luxor, kutali kumwera. Zolembalemba za m'makoma a mapiramidi nazo zinayamba pambuyo pa Khufu, mu piramidi ya mfumu Unas ku Saqqara. Muno mulibe chojambula, mulibe chilembo. Chipinda cha mamita 10 ndi theka m'litali, mamita 5 m'lifupi, pafupifupi 6 kupita m'mwamba, chonse cha mwala wa granite umene anabwera nawo pa mtsinje wa Nile kuchokera ku Aswan, mtunda wa makilomita 800. Chakumapeto kuli bokosi la mwala lopanda chivindikiro, losweka ngodya imodzi, lopanda kanthu. Ndi lalikulu kuposa mpata uja, choncho analiika akumanga. Kutentha, chinyezi, fungo la thukuta la mayiko onse. Zenera ayi.

Tinapezamo gulu la azungu ovala zoyera, opanda nsapato, atazungulira bokosilo atagwirana manja, maso ali tsinzi. Ankang'ung'udza pamodzi kuti mmmmmm, ndipo chipindacho chinkawathandiza mochititsa mantha. Mwala umenewu sumeza mawu, umawabweza atanenepa, mpaka umawamva akunjenjemera m'chifuwa mwako. Mlonda amene anakhala pakona ndi nyuzi yake anatiikira chala pakamwa kuti tikhale chete.

Apa nzeru zinandibwerera. Phokoso lilipo kale, laulere, lokwanira kubisa chilichonse. Komanso pakhoma ndinaona kabowo kamakona anayi, kongokwana dzanja, kali pa msinkhu wa m'chiuno ndendende. Ndinati amisiri akalewa anali anthu oganizira anzawo. Ndinasendera pang'onopang'ono, n'kutsamira khoma ndi msana, manja kumbuyo, maso kudenga, nkhope ya munthu amene akusinkhasinkha za luso la makolo a ku Africa. Ndinadikira kuti mmmm uja akwere. Anakwera. Anakweranso. Ndinati zikomo Ambuye, n'kumasula.

Nthawi yomweyo mtsogoleri wawo, bambo wadazi wa ndevu zoyera, anakweza dzanja.

Zii.

Abale anga, chinthu chikanyamuka chanyamuka. Chinayamba ndi kamawu kowonda, kokwera kumapeto, kofunsa ngati kunja kuli bwino. Chitaona kuti palibe wotsutsa, chinatsitsa mawu n'kukhala njinga yamoto ya kabaza yokana kulira m'mawa wa June: kukhosomola, kuzima, kukhosomolanso, kenako n'kuvomera ndi mtima wonse. Kutsamira khoma kuja ndiye kunaonjeza moto, poti ndinali nditalumikiza chida ku granite mwachindunji. Ndinayesa kumanga mabuleki. Sichinaime, chinangosintha kiyi n'kupita kwa a soprano. Ndinamasula pang'ono kuti mwina chithe msanga, chinabwerera kwa a besi. Munthu mmodzi, kwaya yathunthu.

Ine nditamaliza, chipinda chinali chisanamalize. Khoma lakumpoto linapatsira lakumwera, lakumwera linaonjezera zake n'kubweza. Bokosi la mfumu linalandira gawo lake n'kuliyendetsa m'kati mozungulira. Denga la miyala 9, ina yolemera mpaka matani 80, linavomera pansipansi. Pamwamba pa dengalo pali tizipinda tina 5 topanda kanthu tosanjikizana, mmene magulu a antchito anasiyamo mayina awo ndi utoto wofiira, ena odzitcha Abwenzi a Khufu, ndipo ndikhulupirira kuti kalikonse kanalandira uthenga n'kupatsira kanzake. Mu 2017 asayansi analengeza kuti apeza mphako yaikulu pamwamba pa khonde lija, yosachepera mamita 30, pogwiritsa ntchito tinthu tosaoneka tochokera kuthambo. Mpaka lero palibe munthu analowamo. Mawu anga analowa. Ndipo kabowo kaja, akatswiri ena amati kanali njira yoti mzimu wa mfumu udutsemo popita ku nyenyezi. Ngati kumeneko kuli wolandira alendo, tsiku limenelo anadabwa ndi zimene Malawi watumiza.

Zonse zitati zii kachiwiri, anthu atayamba kupuma, panatsatira kena kakang'ono. Pwi. Kasiginecha.

Palibe anayenda. Mayi wina wa gulu la zoyera lija anatsegula maso pang'onopang'ono, misozi ili lengelenge, n'kunong'ona kuti, "Yatiyankha. Piramidi yatiyankha." Bambo wadazi anagwedeza mutu mwaulemu waukulu, kusonyeza kuti iye zoterezi ankaziyembekezera. Wina anagwira pamtima. Ine ndinayang'ana kudenga ndi nkhope yodabwa kuposa onse, mpaka ndinatsegula pakamwa pang'ono. Pa kanthawi kameneko ndinali mfulu. Ndinali nditapatsa anthu chimene anakwerera ndege, ndipo akanapita kwawo n'kukasimba kwa zidzukulu.

Koma akuluakulu amene anati tsoka silinunkha sanadyepo ful. Kabowo kaja sikanakoke kanthu. M'chipinda chopanda zenera, chotentha, uthenga wachiwiri unayenda wapansi, mosafulumira, ukupereka moni kwa aliyense payekhapayekha. Ndinkauona ukuyenda poyang'ana mphuno. Woyamba anali mnyamata wa pafupi nane, amene anatsegula diso limodzi. Kenako gogo wa ku Japan uja, amene ndinamuvutikira mamita 39, anatulutsa masiki m'chikwama n'kuvala mwakachetechete. Utafika pa mayi wa misozi uja, nkhope yake inayenda ulendo wautali, kuchoka kumwamba kufika pansi pano. M'pamene anakhala pansi. Onani, kukomoka kulipo apa?

Ngakhale pamenepo ndikanapulumuka, poti m'chipindamo tinali anthu ambiri ndipo aliyense ku Cairo amadya nyemba. Koma mkulu ndinapita naye uja anali akunjenjemera mapewa, ataluma chipewa chake. Ndinamuyang'ana ndi maso opempha, maso a munthu wa dziko limodzi, pasipoti imodzi. Iye anachotsa chipewa kukamwa n'kukuwa kuti, "Achimwene, mwaidzutsatu mfumu!" Chichewa sanachimve aliyense, koma chala anachimva onse. Kuseka kwakenso chipinda chinakubweza katatu.

Ndinakonza kolala n'kufotokoza m'Chingerezi changa cha kumisonkhano kuti miyala ikatenthedwa imafutukuka, ndipo nthawi zina imalira. Palibe anatsutsa. Mlonda anandiyang'ana nthawi yaitali, anapinda nyuzi yake, anayamba kudzikupiza nayo, n'kunena mawu angapo a Chiarabu akuyang'ana kumwamba.

Potuluka aliyense anafuna kutsogola. Anthu amene posachedwapa anagwirana manja mwachikondi ankakankhana pa kakhomo kogwada kaja. Gogo uja anaima, anandiweramira mwaulemu, n'kulowa mu mpata ndi liwiro la mtsikana. Ndinatsala ine, mlonda ndi bokosi. Posakhalitsa gulu lina linatulukira, lili wefuwefu. Mnyamata wina anadzuka, ananunkhiza, n'kugwira dzanja la chibwenzi chake. "Ukumva? Limeneli ndi fungo la zaka 4,500." Mtsikanayo anatsinzina n'kukoka mpweya wambiri, mpaka pansi pa mapapo. Anayang'ana kwa ine, poti ndinkaoneka kuti ndakhalitsamo. Ndinavomera ndi mutu.

Tsono inu amene mukuti ndinanyozetsa dziko, tamverani. Herodotus, Mgiriki amene anayendera Egypt zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, analemba kuti womasulira wake anamuwerengera zolembedwa pa piramidiyi zonena kuchuluka kwa siliva amene anagulira anyezi ndi adyo wa antchito. Ofukula zakale, motsogozedwa ndi Mark Lehner, anapeza mudzi wa antchitowo kumwera kwa Sphinx, chiboliboli chachikulu cha mkango wa mutu wa munthu, muli malo ophikira buledi ndi mafupa a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi ambirimbiri. Mowa nawo unali gawo la chakudya chawo. Mukufuna kundiuza kuti anthu zikwizikwi okhuta anyezi, adyo ndi mowa, akukoka mwala wa matani 80 chokwera, onse ankangoti chete? Chipinda chija chinazimvapo zimenezi kalekale. Ngati pali wofunika kufunsidwa ndi Hemiunu, nduna imene akuti inayang'anira ntchitoyi. Munthu umanga chinyumba cha mamita 146, osaikapo ndi zenera limodzi lomwe.

Kutsika ndinatsika chobwerera m'mbuyo, ntchafu zikuwotcha, ndipo masitepe a kuhotela ndinawaona ngati adani mpaka tsiku lonyamuka. Masana wotiyendetsa anatitengera kokadya. Anali koshari. Njala inalipo, ndinadya.

Mkulu uja akuti ali ndi mawu a chinthu chija pafoni ndipo awatumiza pa gulu Loweruka. Ndawamvera. Imeneyo ndi ngamira ya panja paja. Komanso tikiti yake yolowera m'kati ndinamulipirira ndine, mpaka pano sanabweze.