Thireyi ya maginito yosokerapo paulendo

M'motorhome, galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira m'kati mwake, chinthu chilichonse chimene simunachimangirire chimayenda chokha. Kapu imayenda, buku limayenda, ndiye singano musachite kunena. Ine ndimakonda kupeta nsalu, kuja kosoka timitanda ting'onoting'ono mpaka chithunzi chituluke, choncho ponyamuka ulendo wautali ndi bambo a kunyumba sindikanasiya ulusi wanga.

Anthu amaganiza kuti vuto la galimoto zogonamozi ndi kuchepa kwa malo. Ine ndaona kuti malo a nsalu ndi ulusi amapezeka ndithu. Chovuta nchakuti galimotoyi siima mowongoka. Ngakhale muikire matabwa kunsi kwa matayala, imapendekekabe pang'ono, ndipo munthu akangokwera kapena kutsika yonse imagwedera. Singano ija munaika patebulo imagubuduka mwakachetechete nkukalowa pakati pa makushoni. Tsono makushoni omwewo ndi amene timayala usiku kuti akhale bedi. Tsiku lina titaima m'mbali mwa mtsinje, madzulo onse anathera kukwawa ndi tochi, bambo akung'ung'udza kuti sagona mpaka ipezeke.

Mankhwala ake anapezeka m'kabati ya ziwiya. Munali thireyi ya uvuni yachitsulo, ya milomo yokwera m'mbali. Bambo anali ndi timaginito tiwiri tamphamvu, ta neodymium, timene anachotsa mu hard disk ya kompyuta yakale. Nditangotiika pathireyi tinakakamira tokha, guluu osafunika. Singano ndi kasizasi zinamatirira pomwepo, ndipo ngakhale nditatembenuza thireyiyo chafufumimba palibe chinagwa.

Musanasangalale, yambani mwayesa thireyi yanu. Zambiri ndi za aluminiyamu, ndipo maginito sagwira aluminiyamu. Mapini a mkuwa nawonso amakana.

Kunsi kwa thireyi ndinaikako pilo wamng'ono, nditasokerera malastiki awiri m'makona mwake kuti azikola thireyiyo. Ikakhala pamiyendo siterereka, komanso nsalu imakwera kufupi ndi maso, khosi silitopa msanga. Pepala la patani ndimalipanikiza ndi maginito ena ang'onoang'ono, ndipo karula kachitsulo kamagona pamzere umene ndikusoka. Wina akandiitana kuti ndidzaone mbalame panja, ndikabwerera ndimapeza karula kali pomwe ndinalekezera.

Chimene chinandikondweretsa koposa ndi mapegi oyanikira zovala, amatabwa aja. Ulusi wopetera umakhala ndi tizingwe 6 topotana, ndipo pansalu yopetapo yotchedwa Aida ya mabowo 14 pa inchi ndimasolola tiwiri tokha. Totsalato ndi timene timasokonekera m'chikwama nkukhala chimpira chosamasulika. Pano mtundu uliwonse ndimaukulunga pa pegi yakeyake, nsonga nkuipana pakamwa pa pegiyo, kenako ndimalemba nambala ndi bolopeni pathabwa. Ulusi wa kampani ya DMC umadziwika ndi manambala, 310 ndi wakuda, 321 ndi wofiira, ndiye kapepala kake kakatayika pegi imandikumbutsa. Ndipo poti kasipuling'i ka pegi nkachitsulo, nayonso imamata pamaginito. Izi sindinakonzekere, zinangochitika.

Funso limene anzanga osoka amandifunsa ndi lakuti kodi ndimapeta galimoto ikuyenda? Ayi. Maso akakhala pansalu amauza ubongo kuti mwakhala phee, pomwe m'kati mwa khutu mukumveka kukhota ndi mabampu onse, mapeto ake ndi chizungulire ndi nseru. Komanso dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, thireyi yachitsulo yokhala ndi sizasi si chinthu choti chikhale pamiyendo pa munthu. Tisananyamuke ndimailowetsa m'kabati yotsekeka bwino, ine nkumanga lamba, nkumaonera mapiri ndi minda pawindo. Si ndiye tinayendera zomwezo?

Kusoka kumayamba tikaima. Masana ndimakhala pakhomo pa galimoto pamene kuwala kuli kokwanira. Usiku magetsi a m'katimo amadya batire ya mavoti 12, yomwenso imayendetsa pampu ya madzi, choncho ndimavala tochi ya LED ya pachipumi. Sindioneka bwino nayo, bambo amaseka, koma mabowo a nsalu amaoneka onse. Babu lowala mwachikasu limanamiza maso, mitundu iwiri yobiriwira yoyandikana imaoneka ngati umodzi. Nchifukwa chake ulusi wa madzulo ndimausankhiratu dzuwa lisanalowe nkuundanda pathireyi.

Maginito amphamvuwa akufuna ulemu. Amapana chala mpaka kutuluka thuza la magazi, amatha kuwononga kamzere kakuda ka pa khadi la kubanki, ndipo asayandikire munthu amene ali ndi pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino. Ngati mukuyenda ndi ana aang'ono, abiseni kutali, chifukwa mwana akameza awiri amakokana m'matumbo, ndipo imeneyo ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala.

Pamalo ena ogona apaulendo tinayandikana ndi mayi wina woluka majuzi. Anabwera kudzaona chimene ndinanyamula pamiyendo, nkuyesa zolukira zake pamaginito. Zinali zansungwi, zinangogwa. Anaseka, koma nzeru ya mapegi anaitenga, ndipo m'mawa mwake ndinamva amuna awo akufunsa kumene kwapita mapegi onse, matawulo ali m'manja.