Sindinkaba nkhuku, ndinali ndi seti

Poti nkhani yafika kale mpaka ku Katoto ndipo ena mwayamba kundiimbira foni nkumalira ngati tambala, bola ndifotokoze ndekha. Eee, ndinapezeka pamwamba pa khola la nkhuku za alandilodi cha m'ma 1 koloko usiku. Eee, ndinali nditafunda bulangete. Koma zoti ndinali ndi thumba m'manja ndi bodza lamkunkhuniza, inali foni.

Ndinkasewera poker, juga ya makadi, pa foniyo. Tebulo lake ndi lija la amphawife, ma blind (ndalama zoyambira zokakamiza) a 1 cent ndi 2 cents, umakhala pansi ndi madola awiri nkumadzimva ngati uli ku Las Vegas chikhalirecho uli ku Chiputula mwezi wa July, panja chifunga chokhachokha, zala zitachita dzanzi. Maola awiri athunthu ndikungolandira zinyalala. Kenako ma seveni awiri m'manja. Mkulu wina wa kambendera ka Brazil anakweza kufika 6 cents, ine ndili pa batani (mpando wa wogawa makadi), ndinakola (call), ndiye kuti kuika ndalama yofanana ndi yake. Amene mumasewera mukudziwa kuti peya yaing'ono sitiikolera kukongola kwake, timakhala tikusaka seveni wachitatu pa flop (makadi atatu oyamba a pa tebulo) kuti tipange seti, ndipo ameneyo amabwera kamodzi pa maulendo 8 kapena 9, maulendo ena onsewo umangofoda (kutaya makadi) nkumeza malovu.

Flop: Kingi, seveni, thuu. Mitundu itatu yosiyana.

Abale anga. Seveni uja anatulukira pakatikati ngati mkwatibwi pakati pa operekeza. Ndinakhala tsonga. Ndinamuyang'ana, nayenso anandiyang'ana. Ndinapukuta sikilini ndi bulangete kuti mwina ndi mame, ayi ndithu, seveni. Kuzizira konse kwa Mzuzu kunathera pompo, ndinayamba thukuta. Ndinamupatsa moni seveniyo mokweza, mwayenda bwanji achimwene, kunyumba mwasiya ali bwanji. M'mutu ndalama ndinali nditadya kale, ndagula bandulo ya sabata, chipisi cha mazira awiri ku depoti, yotsala ndakwera kabaza mpaka pakhomo osatsika pa chitunda.

Wa ku Brazil anabetcha 10 cents. Apa ndi pamene mkulu uja anatiphunzitsa poker akuti ndinalakwitsa, akuti pa matebulo otchipa seti sabisa, anthu ake safoda Kingi olo uwaopseze ndi mpeni, ungokweza basi ndalama zilowe msanga. Chabwino, ndamva. Koma bolodi (makadi a pa tebulo) ya K-7-2 yopanda flush (asanu a mtundu umodzi) yopanda straight (asanu otsatizana) ndimaopa chani? Nsomba ikamadya nyambo suponya mwala m'madzi. Ndinangokola mofatsa ngati mkamwini watsopano akulandira nsima.

Turn, khadi lachinayi la pa tebulo, inabwera folo, mtundu wachinayi, ndiye kuti za flush zatheratu. Anabetcha 25 cents. Ndinadikira dala kanthawi kuti aziona ngati ndikuvutika maganizo, ndinachita kupumira m'mwamba ndi kugwira tsaya, munthu ali kutsidya kwa nyanja yamchere sakundiona nkomwe. Ndinakola. River, khadi lomaliza, Jeki. Wa ku Brazil uja osachedwa, all in, $1.59 yonse gwaa pakati.

Tsopano tamverani. Pa bolodi imeneyo chondidya ine ndi ma Kingi awiri kapena ma Jeki awiri m'manja mwake, basi. Zina zonse ndikumupha. Ntchito yanga inali imodzi, kudina batani la call ndi chala chachikuluchi, ntchito yoti ngakhale mwana wa ku mkaka atha kugwira.

Ine ndinati ayi, zoterezi sizichitika kawiri, anyamata aone kaye. Ndinajambula sikilini. Ndinatuluka mu gemu nkulowa pa WhatsApp, mu gulu lathu lija. Ndinalemba kuti "lero Brazil ilira", ndinafufuta, ndinalemba "taonani mmene amaphera mbewa akuluakulu", ndinaona kuti ndalakwitsa sipelo ndinakonza, kenako ndinayamba kusankha emoji, pakati pa kamoto kaja ndi kabokosi ka maliro. Ndinaika zonse ziwiri. Ndinatumiza. Chithunzi chija chinangoti zunguliru zunguliru osapita, ndikayang'ana pamwamba 4G yasanduka E.

Kubwerera mu gemu, kachinthu kozungulira. Nthawi yanga ikudyeka.

Amene munafikako kwathu mukudziwa kuti netiweki ikathawa m'nyumba imakabisala malo amodzi okha, kuseri, pa kachulu pamene pali khola. Ana a alandilodi amaonera TikTok pompo masana. Ndiye musandifunse kuti unaganiza bwanji, sindinaganize. Ndinatuluka ndi bulangete, kabudula wogonera, patapata mmodzi, dzanja lili m'mwamba ngati ndikulumbira ku khoti. Pa chulu, kabala kamodzi. Ndinaponda njerwa, tiwiri. Ndinakwera pa malata a khola, titatu, 4G mbwee!

Gemu inatseguka bwinobwino, yowala, yokongola, nkundiuza kuti nthawi inatha ndipo makadi anga afodedwa. Ndiye wa ku Brazil, mopanda ndi chisoni chomwe, anachita kuonetsa makadi ake. Kingi ndi Jeki. Ma peya awiri. Munthu anabwera yekha kudzandipatsa madola ake awiri ine ndili kalikiliki kusankha emoji. Ndipo nthawi yomweyo foni inalira kuti chithunzi chija chapita, matiki awiri.

Sindikumbuka kuti ndinakuwa. Anthu akuti ndinakuwa. Chimene ndikukumbuka ndi lata likupindika pang'onopang'ono, mwaulemu, kenako mwendo wanga wamanja uli m'kati mwa khola mpaka m'ntchafu, chinachake chofunda chikuphwanyika ku phazi, nkhuku zonse kweee kweee, tambala akundijompha chidendene ngati ndili naye ngongole. Galu wa aneba anayamba, wa ku mpanda winawo anapolokeza, mphindi imodzi Chiputula yense ali maso. Mayi ena kutsidya akukuwa kale kuti munkhungu, munkhungu!

Alandilodi anatuluka ndi tochi ndi chikwanje, atavala chipewa cha ubweya. Anandiunika kumaso, anaunika mwendo, anabwereranso kumaso.

"Aphwanga, ndinu?"

"Ndine bambo. Pepani. Ndataya seti."

"Seti ya chani, ya mipando?"

"Ayi bambo, ya ma seveni."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa amayi amene anali pakhomo ndi chitenje nkunena motsitsa mawu kuti mwanayu si wakuba, koma mawa muwaimbire abale ake.

Tsono tiyeni tiwerengere bwinobwino, poti ena mukukokomeza. Pa tebulo ndinaluza 41 cents yokha. Kaseweredwe kanga kanalibe vuto, munthu anaika zake zonse makadi ake ali ochepa mphamvu, ndicho cholinga cha seti, funsani aliyense. Mkulu wathu uja akuti ndikanakweza pa flop bwenzi zonse zitatha netiweki ikadalipo, koma iyeyo amakhala ku Katoto kufupi ndi nsanja, sadziwa mavuto a anthu. Zimene zandipweteka ndi lata latsopano, misomali, mazira 6, ndi thadzi lina limene alandilodi akuti chichitikireni ngoziyo lasiya kuikira chifukwa cha mantha, ndiye tikukambiranabe.

Mu gulu muja chithunzi chidakalipo, ndi kamoto kake ndi kabokosi ka maliro. Wina anayankha m'mawa kuti "ndiye unadya zingati?" Sindinamuyankhe. Patapata wanga akadali m'kholamo, ndikuchita manyazi kukapempha.