Sabata yofufuza wogulitsa soya ndalama zisanatuluke

Kampani ya ku Kanengo ikufuna kulipiratu wogulitsa amene walonjeza matani 300 a soya. Abwana asanasaine, ofufuza oima patokha timapatsidwa sabata yoti tione ngati zolembedwa zikugwirizana ndi zimene zilipodi.

Lolemba timayambira ku ofesi ya boma yolembetsa makampani. Timaona tsiku limene kampani ya wogulitsayo inalembetsedwa, madayirekitala, eni masheya, komanso ngati ikupereka ma annual return (malipoti a chaka ndi chaka) monga limanenera Companies Act ya 2013. Vuto lofala ndi ili: munthu analembetsa dzina la bizinesi chabe, koma pamakalata ake akulemba "Limited". Zinthu zikavuta mudzasumira kampani yomwe kulibe. Fotokope ya TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ndi Tax Clearance (chikalata chosonyeza kuti msonkho ukulipiridwa) sitiikhulupirira mpaka MRA itatsimikiza, chifukwa deti la papepala silivuta kusintha.

Lachiwiri timatsata anthu. Cashgate ya 2013 inaonetsa kuti kampani ikhoza kukhala ndi mapepala onse n'kulandira ndalama popanda katundu. Nthawi zina wolembedwa ngati dayirekitala amakhala mphwake kapena dalaivala wa mwini weniweni. Timayang'ana mndandanda wa makampani oletsedwa ku PPDA (bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma) ndi milandu ya ngongole ku Commercial Division ya High Court. Akanena kuti chikole ndi poloti, timakafufuza ku Land Registry ngati sanaikolekepo kale kubanki.

Lachitatu ndi Lachinayi ndi a kunyumba yosungiramo katundu, ndipo apa m'pamene pagona ntchito. Thumba ndi makilogalamu 50, ndiye tani imodzi ndi matumba 20. Matani 300 ayenera kukhala matumba 6,000. Timawerenga m'litali, m'lifupi ndi kutalika kwa mulu uliwonse, kenako wina amakwera pamwamba, popeza mulu umatha kusanjidwa bwino m'mbali pakati pali mphako. Timabaya matumba apakati ndi apansi, osati okhawo amene mwini waloza, kuti tione mchenga, miyala ndi chinyezi. Soya wonyowa amalemera pasikelo lero, pakapita masabata n'kuchita nkhungu.

Funso lalikulu ndi lakuti soyayo ndi wa ndani. Alipo obwereka katundu wa mnzawo kuti aonetse alendo, n'chifukwa chake ulendo wachiwiri timapita osanena. Mlonda ndi anyamata onyamula matumba amadziwa galimoto imene inabwera dzulo ndi amene anawalipira ganyu. Muwapatse ulemu, mucheze nawo osathamanga. Ngati pali warehouse receipt (lisiti ya katundu wosungitsidwa), timafunsa amene anaipereka, komanso timaona mu kaundula wa boma wa zikole wa Personal Property Security ngati katunduyo sanakhale kale chikole kwa wina.

Pali zimene kasitomala amapempha koma timakana: sitetimenti ya kubanki yochokera kwa mnzathu wa mkati, mndandanda wa mafoni amene munthu waimba, kapena kupatsa kalaliki ya fanta kuti atulutse fayilo. Corrupt Practices Act ndi Data Protection Act ya 2024 zimatikhudza ifenso, ndipo umboni wopezeka motero umaika kasitomala yemweyo m'mavuto.

Lachisanu timalemba lipoti. Zimene tatsimikiza ndi chikalata zimakhala pazokha, zongomva kwa anthu pazokhanso, kuti mphekesera isaononge mbiri ya wamalonda wachilungamo. Matumba akaperewera, timalangiza kuti ndalama zizituluka pang'onopang'ono, galimoto iliyonse ikadutsa pa weighbridge, sikelo yoyezera galimoto.