Lachitatu: kusakira foni kaliridwe

Bambo aang'ono afika m'mawa ndi foni yawo yatsopano, akuti ikamalira sakuimva. "Mwanawe, undiikire nyimbo yamphamvu, anthu akundinena kuti ndimanyada." Ndati bweretsani bambo, ndi ntchito yochepa. Sinachepe.

Ndayambira pa Zedge, tsamba lomwe linayambika ku Norway mu 2003, pomwe anthu amaikapo maringitoni ndi zithunzi kuti ena atengepo. Vuto la malo otere ndi kuchuluka. Ukalemba mawu amodzi zimabwera nyimbo zosatha, zina zodulidwa pakati pa mawu, zina zojambulidwa motsika moti m'thumba simungazimve n'komwe. Bambo amamvera iliyonse mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu.

Kenako ndatsegula tsamba lina losadziwika bwino. Mabatani akuluakulu obiriwira ali ponseponse, lenileni ndi kakang'ono kobisala pansi. Nditadina landiuza kuti ndilembe nambala ya foni. Ndatseka pomwepo. Njira imeneyi ndi yakale: umaganiza kuti walandira nyimbo imodzi yaulere, pamene walembetsa kuti azikudula mayunitsi tsiku ndi tsiku. Kapulogalamu kawo nako kamafuna chilolezo chowerenga mameseji ndi mayina a anthu a m'foni. Chithunzi cha phiri chikufuna mameseji a bambo kuti chitani nawo?

Mwayi wake foniyo ndi ya Android, ndiye fayilo ya MP3 ndangoiponya mufoda ya Ringtones, yaonekera pamndandanda. A iPhone akhala zaka akusintha fayilo kukhala ya mtundu wa m4r ndi kuidula kuti isapitirire masekondi 40.

Tikudikira kuti nyimboyo itsitsike, bambo ayamba za Nokia 3310 ya mu 2000, mmene ankakoperera manambala papepala n'kumawalowetsa mmodzimmodzi mu Composer, kapulogalamu kopangira nyimbo ka m'foniyo, mpaka kanyimbo katuluke. Ine ndawonjezera kuti malonda a maringitoni anayambira ku Finland mu 1998, ankatumizidwa pa SMS. Sanachite nazo chidwi.

Masana tafika pa zithunzi zoika pa sikirini, ndipo apa ndi pomwe tinakanganako. Asankha cha nyanja chopingasa, chokonzedwera kompyuta. Sikirini ya foni ndi yaitali choimirira, zambiri za masiku ano zili ndi timadontho 1080 m'lifupi ndi 2400 m'litali, ndiye foni yadula mbali zonse ziwiri, bwato lomwe analikonda lachoka, kwatsala madzi okha. China chinali chaching'ono, chitatambasulidwa chaoneka chambuu. Ndawapezera chakuda chokhala ndi nyenyezi, chifukwa sikirini yawo ndi ya AMOLED, ndipo pa mtundu umenewu malo akuda sayaka, batire imakhalitsako. Pa sikirini za mtundu wa LCD palibe phindu, nyali yakumbuyo imayaka basi.

Achikana. Akuti foni yakuda imaoneka ngati yazima. Aikapo chithunzi cha mdzukulu wawo chomwe anajambula okha, ndipo chakwana bwinobwino popanda kudula kalikonse.