Zikomo kwa onse amene anatithangata pa ulendo wa njinga ku Likoma

M'malo mwa gulu lathu la opalasa njinga kuno ku Blantyre, ndikuthokoza poyera anthu onse amene anagwirapo ntchito kuti ulendo wathu wa ku chilumba cha Likoma utheke, makamaka amene anatithangata pamene mmodzi mwa akuluakulu a gululi anagwa n'kuthyoka mkono. Tonse tabwerako, ndipo bambo athuwo ali kunyumba kwawo, akupezako bwino.

Ndiyambe ndi mabanja athu. Pokonzekera ulendowu tinkalawira Loweruka m'mamawa kukapalasa msewu wa ku Chikwawa, kutsetsereka mpaka ku Thabwa ndi kukweranso chitunda chonse chija, ndipo aliyense akudziwa kuti Loweruka ndilo tsiku la zinkhoswe ndi maukwati. Akazi athu ndi amuna athu ankakatiimira kumeneko, n'kumayankha okha mafunso a achibale odabwa kuti munthu wamkulu akujomba ukwati chifukwa cha njinga. Tikuthokozanso m'bale amene anapereka lole yake kuti inyamule njingazo kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi mpaka ku Monkey Bay, osalipiritsa kanthu kupatula mafuta, komanso ogwira ntchito m'sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, amene anazimangirira bwino pakati pa matumba a chimanga ndi malata a anthu ena moti palibe ina imene inapindika.

Amene amapita ku Likoma pa sitimayi amadziwa kuti imawasiya ikulowera kumpoto, n'kudzawatenga pobwerera, choncho masiku a tchuthi amakhala ochepa ndipo sachita kusankha. Anzathu ena kuno ankatiseka kuti tikapalasa chiyani pa chilumba cha masikweya kilomita 18 okha. Yankho lake ndi mchenga. Pa chitunda cha ku Chikwawa munthu amatuluka thukuta koma njinga imayendabe, pomwe mumchenga wa ku Likoma teyala lakutsogolo limangozama, chiwongolero n'kukhota chokha, ndipo ukangotulukamo umakumana ndi miyala ndi minga.

Apa m'pamene tiyenera kuthokoza mwapadera bambo wokonza njinga amene amagwira ntchito yake pansi pa mtengo wa mlambe kufupi ndi msika wa ku Mbamba. Atangoona mmene tinapopera mateyala, anapukusa mutu n'kutiuza kuti tiphwetseko mpweya pang'ono kuti teyala lizigona pamchenga m'malo mokumba, ndipo malangizo amenewa anatipindulira kuposa zida zonse zimene tinanyamula. Madzulo ankamiza machubu athu m'beseni la madzi, n'kumayang'ana pamene pakutuluka thovu, kenaka n'kupala pamalopo ndi kumata kachigamba kodula ku chubu chakale. Ngakhale ankaona kuti ndife alendo ochokera kutauni, mtengo umene anatiuza ndi womwewo umene amalipiritsa ana asukulu a pomwepo, ndipo titafuna kuwonjezera anakana mwaulemu.

Ngozi inachitika pa kanjira kamiyala kotsikira kunyanja, pamene njinga ya bambo athu inafika pamchenga ili pa liwiro n'kuima mwadzidzidzi. Asodzi amene ankasoka maukonde chapafupi anafika ife tisanatsike n'komwe pa njinga zathu. Mayi wina amene ankayanika usipa pa thandala anavula chitenje chake chapamwamba, ndipo anamanga nacho mkonowo pa timitengo tiwiri, kwinaku mnyamata wa njinga yamoto akuitanidwa kuti awatengere kuchipatala. Madokotala ndi anamwino a pachilumbacho anawalandira msanga n'kuwaika chikhakha, ndipo anatifotokozera momveka bwino zimene tiyenera kuchita tikafika kuno. Banja limene linatisunga linawapatsa chipinda chawochawo, ndipo amayi a pakhomopo ankawaduliratu nsima ya kondowole ndi kuwachotsera minga m'nsomba kuti azitha kudya ndi dzanja limodzi. Anthu onsewa sitinawadziwepo kale, ndipo ambiri sitinawafunse n'komwe mayina, choncho tikupempha aliyense wa ku Likoma amene awerenge mawuwa kuti akatiperekere moni ndi kuthokoza kwathu.

Lamulungu tinakapemphera ku tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's, chimene amishoni a bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA) anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela. Ife a ku Blantyre timanyadira tchalitchi cha St Michael and All Angels cha mu 1891, koma kuona nyumba yaikulu chotero pa kachilumba kamene kazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique kunatisowetsa chonena. Akhristu kumeneko anatilandira ngakhale ambiri mwa ife ndife a mipingo ina, anapempherera wodwala wathu, ndipo atatuluka m'mapemphero ena anatiperekeza kukamuona.

Pobwerera, mwana wa bambo athuwo anadzatichingamira ku Monkey Bay ndi galimoto laling'ono kuti iwo asagwedezeke m'basi, ndipo anzathu amene sanapite nawo anasonkha ndalama zolipirira chithandizo chotsatira kuno kumudzi. Msungichuma wathu adzafotokoza mmene ndalama zonse zayendera pa msonkhano ukubwerawu. Tagwirizananso kuti titumize machubu, masipoko, matcheni ndi guluu kwa wokonza njinga wa ku Mbamba, popeza zinthu zimenezi zimafika kumeneko pa sitima ndipo zimasowa msanga. Amene ali nazo, kaya zatsopano kapena zogwirapo ntchito koma zabwino, abwere nazo Loweruka pamalo amene timakumana tisananyamuke.