Ndege za amalume

Popeza ena mwayamba kale kundiitana kuti Pailoti pamsika wa Nkhotakota, bola ndifotokoze ndekha anthu asanaithire nsinjiro nkhaniyi.

Ine sindinanenepo kuti ndimadziwa Chiswahili. Ndinangoti zilankhulo ndi pachibale, ndipo umboni ndinali nawo. Chaka chatha ndinagulitsa nsapato kwa mkulu wina wa kutsidya kwa nyanja, ku Mozambique: iye akuti sapato, ine nsapato, ndalama m'thumba. Mbatata kwawo ndi batata, kalata ndi carta. Chinanazi ndiye chinayenda dziko lonse ndi dzina lake lochokera ku South America: Mswahili amati nanasi, Mfalansa ananas, Mngelezi ndiye anasochera. Tsono Mtanzaniya wogula mpunga atafika kumunda kwa amalume, mumafuna amasulire ndani? Si ife a kuno komwe Jumbe anafika ndi Chiswahili chake m'zaka za m'ma 1840?

Zinayamba bwino. Iye akuti mpunga, ife mpunga. Kenako analoza kumwamba n'kupukusa mutu: "Ndege wengi sana!" Potsanzika anati, "Kesho nitarudi." Kesho ndimamudziwa, ndi mawa. Ndinayang'ana komwe ankalozako, n'kungoona mpheta zikuwulukawuluka. Mumtima ndinati, ameneyu akutisonyeza njira yomwe zidzere.

"Amalume, akuti abwera mawa kudzatenga mpungawu pa ndege. Osati imodzi."

Amalume anavula chipewa. "Matumba 14 okhawa, mphwanga?"

"Anthu a ndalama safunsidwa, amalume."

Mtengo anaukweza usiku womwewo, atagona chagada pamphasa.

Vuto linali potera. Kumunda n'kwamatope, ndege ingatitimire. Tinasankha bwalo la mpira, ndipo ine ndemwe ndinaliyeza ndi mapazi, manja kumbuyo. Anyamata anazula magolo. Ana anapatsidwa ntchito yothamangitsa mbuzi. Azakhali anasesa bwalo lonse mpaka kukonkha madzi, ati fumbi lingalowe m'maso mwa woyendetsa. Matumba tinawasanja pakati penipeni, amalume n'kukhala pamwamba pake atavala jekete ya kuukwati, ija imatuluka m'sutikesi kamodzi pa zaka zisanu, ikununkha mankhwala a njenjete, pa dzuwa la kunyanja kuno.

Ndiye tinadikira. Mudzi wonse makosi m'mwamba kuyambira 7 koloko. Amayi a mandasi anasamukira komweko, wa fulizesi anagulitsa n'kubwerera kukatenga ena. Cha m'ma 11 mwana wina anakuwa, "Iyo! Iyo!" Amayi anayamba nthungululu, amalume anaimirira n'kumanga batani la jekete, ine n'kuvula malaya kuti ndiziikupiza ione potera. Kadontho kaja kanakula, kanakula, kanazungulira kawiri pamwamba pathu. Inali nkhwazi. Inatiyang'ana bwinobwino, ine ndili chimaliseche cha kumtunda, n'kulowera kunyanja. Ndikulumbira, inaseka.

Mtanzaniya uja anafika 3 koloko masana. Pa kabaza. Wa kabazayo anachita kuliza belu kuti khamu limupatse njira, anthu osamuyang'ana n'komwe chifukwa maso anali kumwamba.

Apa m'pamene agogo ena a kumzikiti, omwe anakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse akutafuna nzimbe, anadzuka pang'onopang'ono, n'kucheza naye mlendoyo m'Chiswahili choyera, kenako n'kutembenukira kwa ine. "Mdzukulu wanga, kwa anzathuwa ndege ndi mbalame. Yachitsuloyo anangoipatsa dzina la mbalame. Dzulo ankadandaula mpheta kuti zikutha mpunga."

"Nanga agogo, bwanji simunanene m'mawa?"

"Simunandifunse. Komanso ine ndimafuna ndiione."

Tsono ndiuzeni, wolakwa ndani? Amene anabwereka mawuwa kwa Aswahili anatenga ya injini yokha, ya nthenga n'kuisiya komweko osatiuza. Mpunga unali mpunga, kesho anali mawa, munthu anabweradi. Pa mawu atatu ndinakhoza awiri, kusukulu kumeneko n'kukhoza.

Mpunga anagula pa mtengo wakale uja, lole inadzatenga patapita masiku awiri. Amalume sakundilankhula bwinobwino. Magolo ndinakabwezeretsa ndekha, koma anyamata akuti limodzi lapendekeka.