Mmene ndinapangira ampu ya gitala ya ma valavu pakhomo

Ngati mukufuna kupanga koyamba ampu (chokuzira mawu a gitala) ya ma valavu, timababu tagalasi tija ta m'mawailesi akale, musathamangire zikuluzikulu za ma watt 50 zija, yambani ndi ampu yaing'ono yotchedwa Champ. Ine ndinasankha yomwe amaitchula kuti 5F1, ya kampani ya Fender ya ku Fullerton ku California, yomwe ankapanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ma valavu ake ndi atatu basi, 12AX7 yokweza timawu tofooka tochokera ku gitala, 6V6 yokankha sipika, ndi 5Y3 yosandutsa magetsi a AC kukhala DC. Mphamvu yake ndi ma watt 5, kopotokola ndi kamodzi kokha ka voliyumu komwe manambala ake amafika 12, kulibe za bass kulibe za treble. Ndimaikonda chifukwa waya aliyense mkatimo umatha kumulondola ndi chala n'kudziwa ntchito yake, ndiye pomaliza umakhala waphunziradi, osati kungolumikiza zinthu mwachimbulimbuli.

Koma tisanapite patali abale, chinthuchi chimapha. Mkatimo mumayenda ma volt opitirira 300 a DC, ndipo ma capacitor akuluakulu, tizipangizo tosunga magetsi, amatha kukhalabe ndi moto ngakhale mutazimitsa n'kuzula pulagi. Ngati simunagwirepo mita kapena soldering iron, pezani munthu wokonza mawailesi ndi ma TV akhale pambali panu, makamaka achikulire aja omwe anaona mawailesi a ma valavu, sizochititsa manyazi ayi.

Zipangizo zambiri ndinachita kuitanitsa kunja. Ma resistor (tizipangizo tochepetsa mayendedwe a magetsi), waya, fyuzi ndi swichi zimapezeka m'tauni, koma ma valavu, masoketi ake ndi ma thiransifoma awiri, ya magetsi ndi ya output, ayi ndithu. Mafakitale a ma valavu anatsala ochepa padziko, ali ku Slovakia komwe kuli kampani ya JJ, ku Russia ndi ku China. Pa thiransifoma ya magetsi ndiye chenjerani kwambiri, yoyambirira ija inapangidwira magetsi a ku America omwe ndi ma volt 120, ife kuno ndi 230, ndiye mukagula osafunsa n'kuilumikiza kukhoma ipsa nthawi yomweyo ndalama zanu n'kupita. Funsani ya 230 kapena 240, ya 50 Hz. Ina ija ya output, yomwe imapereka mawu ku sipika, ionetsetseni kuti ikugwirizana ndi sipika yanu, Champ imayenda ndi sipika ya mainchesi 8 ya ma ohm 4.

Ndinayamba ndi kumanga zolemera pa chassis, chomwe ndi chitsulo chonyamula zipangizo zonse: ma thiransifoma, masoketi, ma jack olowetsamo chingwe cha gitala ndi ka voliyumu. Waya woyamba kumanga anali wa earth, wobiriwira ndi chikasu uja, pa bawuti yakeyake yothina bwino. Pa pulani yakale ya Fender mupeza kuti chingwe chinali cha mawaya awiri okha komanso pali ka capacitor kochoka ku magetsi a kukhoma kupita ku chassis, anthu amakatchula kuti death cap ndipo dzinalo silabodza, kakawonongeka moto wonse umabwera ku zingwe za gitala zomwe mwagwira. Kameneko musakaike. Pulagi yathu ya mano atatu ija ndiyo yoyenera, live adutse kaye pa fyuzi kenako pa swichi.

Kenako mawaya a heater, a ma volt 6.3 omwe amayatsa ma valavu. Awa ndinawapota awiriawiri mothina n'kuwagoneka m'mphepete mwa chassis kutali ndi mawaya a mawu, chifukwa ndi AC ndipo akayandikana ndi waya wa input, wolowera mawu a gitala, mumva kung'ung'udza kosatha mu sipika. Pa 6V6 amapita pa pin 2 ndi 7, pa 12AX7 mumalumikiza 4 ndi 5 pamodzi mbali imodzi, ina pa 9. Fender ankangogwetsera mbali imodzi ya heater ku chassis kuti asunge waya, ine ndinaika ma resistor awiri a ma ohm 100 kuchoka mbali iliyonse kupita ku earth, phokoso limachepa kwambiri mukatero. 5Y3 ili ndi yakeyake ya ma volt 5 pa pin 2 ndi 8, ndipo pa pin 8 pomwepo ndi pomwe pamatulukira moto waukulu uja, choncho musaisakanize ndi inzake.

Bolodi ndiye panandikomera. Si ngati za masiku ano zobiriwira zija, ndi kabolodi kakuda kokhala ndi timabowo tachitsulo, mumalowetsa miyendo ya zipangizo n'kuthira soda. Resistor iliyonse ndinkayamba ndaiyeza pa mita ndisanaiike, mitundu ya timizere tija imanamiza maso makamaka usiku, 100k ndi 10k kusiyana kwake ndi kamzere kamodzi. Ziwiri za 100k zimapita ku ma plate a 12AX7, ziwiri za 1.5k ku ma cathode ake (plate ndi cathode ndi zitsulo za mkati mwa valavu), za 68k pa input, ya 470 ku cathode ya 6V6 ndipo iyi imatentha ndiye ndinaika ya ma watt 5 n'kuitalikitsa pang'ono ndi capacitor ya 25uF yomwe imakhala nayo limodzi. Ma capacitor osefa magetsi ndi atatu, ya 16uF ndi ziwiri za 8uF, zonse za ma volt 450, ndipo zili ndi mbali ya plus ndi minus, mukaitembenuza imaphulika. Ndinawonjezeranso resistor ya 220k pa yoyamba ija kuti ndikazimitsa moto uzitsika wokha pang'onopang'ono, ngakhale zili choncho sindilowetsa dzanja ndisanayeze.

Pa soda, tenthetsani mwendo ndi bowo limodzi kenako soda asungunukire pamenepo, osati pa nsonga ya iron. Powotcherera bwino pamawala ndipo pamakhala posalala, pakaoneka ngati phala logona ndiye kuti sipanagwire, bwerezani. Ndikamaliza waya mmodzi ndinkamudula ndi cholembera pa pulani, ndipo nditamaliza zonse ndinasiya kaye, n'kudzayang'ananso mutu uli bwino kuyambira pa input mpaka pa sipika.

Bokosi ndinapatsa kalipentala, matabwa a paini, chifukwa zoyambirira zija nazonso zinali za paini wokutidwa ndi nsalu yachikasu ya tweed. Kumbuyo asiyeko mpata, ma valavu amafuna mpweya.

Tsopano kuyatsa koyamba, apa ndi pomwe mtima umagunda. Musalumikize kukhoma mwachindunji. Pangani kaye chotetezera cha babu, babu lakale lija la kawaya mkati la ma watt 60, mumaliika pa waya wa live kuti moto uzidutsa m'babumo usanafike ku ampu. La LED kapena energy saver siligwira ntchito imeneyi, ndipo akalewo akusowa masiku ano ndiye mukalipeza lisungeni. Ngati muli short penapake babu limawala kwambiri osazilala, ndipo ndi lomwe limamwa motowo thiransifoma yanu n'kupulumuka. Ngati zili bwino limangoyaka mofiirira chapansipansi.

Ndinayatsa kaye popanda valavu iliyonse n'kuyeza, 6.3 ilipo, 5 ilipo, mawaya ofiira a thiransifoma ya magetsi akupereka ma volt opitirira 300 mbali iliyonse, zonse zotsikirako pang'ono chifukwa cha babu lija. Poyeza, waya wakuda wa mita ndinaumanitsa ku chassis, dzanja limodzi lokha ndi lomwe limagwira ntchito, linalo m'thumba, nsapato kuphazi, chifukwa moto ukadutsa dzanja ili kupita linalo umadzera pamtima. Kenako ndinazimitsa, kuyeza kuti moto watha, kuika ma valavu onse ndi kulumikiza sipika. Sipika musaiiwale chonde, ampu ya ma valavu ikayenda popanda sipika thiransifoma ya output imatha kupsa. Babu litakhala phee chofiirira ndinalichotsa n'kuyezanso, pa cathode ya 6V6 pamayenera kukhala ma volt cha m'ma 18 mpaka 20, mukagawa ndi 470 uja mupeza kuti valavu ikukoka pafupifupi 40mA, ndiye kuti ili bwino. Pa ma cathode a 12AX7 pamakhala volt imodzi ndi kanthu. Muziyang'ananso chitsulo cha mkati mwa 6V6, chikayamba kufiira zimitsani msanga.

Pali chinthu china chomwe chimaopseza anthu ambiri, ampu kungoyamba kulira mokuwa kwambiri ikangotentha, gitala musanalumikize n'komwe. Nthawi zambiri sikuti yawonongeka. Pali resistor ya 22k yomwe imabweza mawu pang'ono kuchoka ku sipika kupita ku 12AX7 kuti ampu isachite phokoso, ndiye mawaya awiri a thiransifoma ya output akatembenuzika, m'malo moziziritsa imakolezera. Mumangozimitsa, kutsitsa moto, n'kusinthanitsa mawaya awiriwo, wopita pa pin 3 ya 6V6 ndi wopita ku capacitor yoyamba, basi yatha.

Mawu ake ndiye eee, mpaka pano sinditopa nawo. Voliyumu ikakhala pa 3 kapena 4 imalira moyera bwinobwino, ya kutchalitchi kapena yoimba chala chimodzichimodzi, mukafika cha m'ma 7 imayamba kusasa mawu, ndipo chokoma n'choti imamvera dzanja, mukakhudza zingwe mofatsa imayera, mukamenya mwamphamvu imakalipa, osapotokola kalikonse. Ma watt 5 musawaderere, m'chipinda amasokosa mpaka aneba kumva, kungoti pa bandi yokhala ndi ng'oma mufunika kuika maiki kutsogolo kwa sipika. Sipika yatsopano imayamba youma, imafewa mukamaiimba, ndiye musafulumire kuiweruza. Ngati mukuona kuti ikusasa msanga kuposa mmene mukufunira, chotsani 12AX7 muike 12AY7, imalowa pa soketi yomweyo osasintha waya aliyense, ndipo ine ndi yomwe ndimaika ndikafuna kuimba zofatsa.